Zimene gule wa breaking angaphunzitse wokonza zithunzi ndi zilembo

Funso la owerenga: Ndikuphunzira ntchito ya graphic design, ndipo gulu lina la ovina landipempha kuti ndiwakonzere posita ndi logo za mpikisano wa breakdance. Ndayesa kangapo, koma nthawi zonse ndikuthera pa zinthu zomwezomwezo: zilembo zonga zopopera pakhoma, penti wodontha, wailesi yaikulu yonyamula paphewa ndi munthu wozondoka. Kodi m'gule ameneyu muli china chozama chimene wokonza zithunzi ndi zilembo angaphunzire, kapena zimene ndatchulazi ndiye zonse?

Yankho: Zimene mwatchulazo si zonse ayi, ndipo kusakhutira kwanuko ndi chizindikiro chabwino, chifukwa kukusonyeza kuti diso lanu layamba kusiyanitsa chovala ndi mwini chovala. Penti wodontha ndi wailesi yaikulu ndi zinthu zimene otsatsa malonda anatola m'zaka za m'ma 1980 pofuna kukopa achinyamata, ndipo zabwerezedwa mpaka kusukuluka. Chimene ndikuona kuti chingapindulitse munthu wa ntchito yathu ndi kaganizidwe ka ovinawo: mmene amasankhira kachigawo ka nyimbo, mmene amamangira luso lawo pa maziko okhwima, mmene amaimira mwadzidzidzi kuti anthu aone bwino, ndiponso mmene amadzudzulirana poyera. Zonsezi zili ndi zofanana nazo pa tsamba, ndipo mukazimvetsa mungathe kukonza posita yopanda ndi dontho limodzi lomwe la penti, koma imene wovina aliyense angaizindikire kuti ndi yake.

Tiyambe ndi dzina, popeza lidzalembedwa pa posita yanu ndi zilembo zazikulu. Eni ake amamutcha guleyu breaking, ndipo ovina amadzitcha b-boy kapena b-girl. Dzina loti breakdance linafalitsidwa ndi atolankhani, ndipo ambiri mwa ovina akale salikonda, choncho funsani gululo musanalembe chilichonse. Ife olankhula Chichewa tingafulumire kuganiza kuti dzinali likunena za kuthyola dansi, ndipo kuganiza koteroko sikukuphonya kwenikweni, komabe tanthauzo limene ambiri amapereka limachokera m'nyimbo. Break ndi kachigawo kafupi ka nyimbo pamene woimba ndi zoimbira zina zimakhala chete, n'kutsala ng'oma zokhazokha.

Clive Campbell, wodziwika ndi dzina loti DJ Kool Herc, amene anabadwira ku Kingston m'dziko la Jamaica n'kukulira ku Bronx mumzinda wa New York, anaona kuti ovina ankadikirira kachigawo kameneko, ndipo kakafika ankavina ndi mtima wonse, koma kankatha m'masekondi ochepa. Iye anayamba kuika zimbale ziwiri za nyimbo imodzi pa makina awiri, kuti break ikatha pa chimbale choyamba aiyambitsenso pa chachiwiri, ndipo masekondi ochepa aja anasanduka mphindi zingapo. Phwando limene iye ndi mlongo wake Cindy anakonza pa 11 August 1973, m'chipinda chochezera cha nyumba ya pa 1520 Sedgwick Avenue, ndi limene ambiri amawerengerapo chiyambi cha hip hop. Oitanidwa ku phwandolo analandira timakadi tolembedwa pamanja, tonena tsiku, malo, nthawi ndi mtengo wolowera, masenti 25 kwa atsikana ndi masenti 50 kwa anyamata. Ntchito yoyala uthenga pa pepala inalipo kuyambira usiku woyamba umenewo.

Zimene Herc anachita ndi phunziro loyamba, ndipo mwina ndi lalikulu kuposa ena onse. Iye sanawonjezere kanthu pa nyimboyo. Anayang'ana anthu, anazindikira mbali imene inkawadzutsa, anasiya zina zonse, n'kukulitsa mbali imeneyo. Maposita ambiri a ophunzira amalephera chifukwa mwini wake amakonda chilichonse chimene watola, ndipo paja akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Gululo likakupatsani zithunzi 30, funso lanu likhale lakuti break ili pati. Mwina ili m'dzanja limodzi lotambasuka pansi limene lasenza thupi lonse, mwina ili pa nsapato yoloza kumwamba, mwinanso ili pa nkhope za oonerera amene atsegula pakamwa nthawi imodzi. Mukaipeza, iduleni, ikulitseni mpaka idzaze tsamba, ndipo ngati n'koyenera ibwerezeni katatu kapena kanayi. Kubwereza chinthu chimodzi, uku mukusintha pang'ono kukula kwake kapena mpata wa pakati, kumabala kugunda kumene diso limamva monga mmene khutu limamvera ng'oma.

Zimenezi si zachilendo m'mbiri ya ntchito yathu. Mu 1955, Josef Müller-Brockmann wa ku Zürich m'dziko la Switzerland anakonza posita ya konsati ya nyimbo za Beethoven popanda chithunzi cha woimba kapena cha choimbira chilichonse, koma mizere yokhota yakuda pa pepala loyera, imene kunenepa kwake kumakula motsatira masamu. Sindikumutchula kuti mumutsanzire, koma kuti muone kuti nyimbo ingathe kusanduka maonekedwe popanda kujambula chinthu chimene chimaitulutsa. Wailesi yaikulu ija imangotchula mutu wa nkhani, siimveketsa kugunda kulikonse.

Tsopano yang'anitsitsani mmene wovina amayalira nthawi yake akalowa m'bwalo, chifukwa muli dongosolo limene oonera patali saliona. Amayamba ali chiimire ndi masitepe otchedwa toprock, amene ali ngati malonje: akudzionetsa, akumvetsera nyimbo, akuyeza mnzake. Kenako amatsikira pansi, ndipo katsikidwe kameneka kali ndi luso lakelake. Pansipo amachita footwork, manja atagwira pansi miyendo ikuzungulira mofulumira. Ena amawonjezera zozungulira zamphamvu zotchedwa power moves, monga windmill, pamene thupi limagudubuzika pamsana ndi pamapewa miyendo ili yotambasuka m'mwamba, kapena headspin, kuzungulira ndi mutu. Pomaliza amaima nji m'maonekedwe ovuta, pa kugunda kwenikweni kwa ng'oma, ndipo kumeneko ndiye freeze. Zonsezi kawirikawiri sizipitirira mphindi imodzi.

Diso la munthu woyang'ana posita nalonso limayenda ulendo, ngakhale kuti ndi wa masekondi awiri kapena atatu, ndipo limafuna polowera, njira yodutsa ndi poima. Aphunzitsi a guleyu amazindikira wophunzira pa malumikizidwe ake. Mwana angathe kuchita windmill yosiririka, koma pakati pa toprock ndi windmill amadodoma, amakonza malaya, amafunafuna poika dzanja, ndipo kudodoma kumeneko kumaulula kuti waloweza zidutswa zosalumikizana. Pa tsamba zimachitikanso chimodzimodzi. Mutu wa posita ungakhale wamphamvu, chithunzi chingakhale chokongola, koma ngati diso likachoka pa mutu silikudziwa kolowera kuti lipeze tsiku ndi malo, ndiye kuti katsikidwe kanu kalephera. Mankhwala ake ndi zinthu zooneka ngati zazing'ono: m'mphepete mwa mawu aang'ono mufanane ndi m'mphepete mwa chilembo china cha mutu, mwendo wa wovina uloze kumene kuli tsiku, ndipo kukula kwa zilembo kutsike ndi masitepe omveka, atatu kapena anayi basi, osati chilembo chilichonse ndi msinkhu wake.

Ovina amalemekeza kwambiri chimene amachitcha foundation, ndiye kuti maziko, ndipo chinthu choyamba chimene pafupifupi aliyense amaphunzira pansi ndi six-step, kuzungulira manja ako ndi mapazi m'masitepe 6. Six-step ndi imodzi ku New York, ku Paris ndi ku Tokyo, koma palibe akatswiri awiri amene amaichita mofanana, chifukwa wina amaifulumizitsa, wina amadumpha sitepe imodzi, wina amaitembenuza pakati n'kubwerera kumene wachokera. Taonaninso kuti masitepewo ndi 6 pamene nyimbo imawerengedwa m'magulu a 4 ndi 8, motero wovina amayenera kukoka pena n'kufupikitsa pena kuti agwere pa ng'oma, ndipo kukoma kumabadwira m'kukokana kumeneko. Kwa ife maziko oterowo ndi grid, mizere yosaoneka imene imagawa tsamba m'mizati ndi mipata yofanana, ndipo ya mizati 12 imakondedwa chifukwa imagawika m'magawo 2, 3, 4 kapena 6. Ophunzira ambiri amaganiza kuti posita ya breaking iyenera kukhala yachipwirikiti kuti ioneke yomasuka, koma palibe wovina wolemekezeka amene anafika pa ufulu wake modumpha maziko. Wolfgang Weingart, amene anaphunzitsa ku Basel kuyambira mu 1968 ndipo anatchuka ndi kuswa malamulo a kayalidwe ka zilembo ka ku Switzerland, anali ataphunzira kaye kutola zilembo zachitsulo ndi manja, chimodzichimodzi. Chilembo chopendekeka chimamveka mokweza pokhapokha zinzake zonse zitaima mowongoka.

Pa freeze ndikufuna ndikhalitsepo, chifukwa posita yeniyeniyo ndi freeze: kayendedwe kamene kaimitsidwa pa nthawi yoyenera. Tengani baby freeze, imene ophunzira amayambira. Manja awiri ndi mbali ya mutu zimagwira pansi n'kupanga nsonga zitatu, thupi limatsamira pa zigongono, miyendo ili m'mwamba yopindika mosiyana. Woonera amaona ngati munthuyo agwa tsopano lino, pamene kulemera kwake konse kwakhazikika pakati pa nsonga zitatu zija, ndipo chisangalalo chimachokera pa kusagwirizana kwa zimene diso likuopa ndi zimene thupi likudziwa. Kumeneku ndiye kulinganiza kumene Jan Tschichold, katswiri wa kayalidwe ka zilembo wa ku Germany, ndi anzake ankalimbikitsa m'zaka za m'ma 1920 pokana chizolowezi choika zonse pakati pa tsamba. Chinthu chachikulu chakuda chingakhale m'munsi kumanzere, kanthu kakang'ono kofiira kangakhale kutali m'mwamba kumanja, pakati n'kusiya mpata waukulu wopanda kanthu, ndipo tsambalo silipendama chifukwa kakang'onoko kali patali mokwanira kukoka chachikulucho. Mizere yoimirira ndi yogona imapumitsa diso, pamene yopendekeka imalipatsa nkhawa yokoma. Mukajambula freeze zingapo ndi pensulo, mizere itatu kapena inayi pa iliyonse, mudzakhala ndi mafupa a maposita ambiri.

Ineyo ndinaphunzira zimenezi mwamanyazi. Zaka zapitazo ndinadula wovina pa chithunzi, ndinachotsa pansi pamene anatsamira, n'kumupendeketsa pang'ono kuti alowe bwino pakati pa mawu, ndipo kwa ine zinali zokongola ndithu. Mtsogoleri wa gulu limene linandituma anangoyang'ana kamodzi n'kunena kuti munthu ameneyu wagwa kale, chifukwa phewa lake silinalinso pamwamba pa dzanja limene linamusenza. Sanafune kumva za utoto kapena za zilembo. Kuyambira pamenepo sindichotsa pansi, ngakhale patatsala kamzere kamodzi kapena kamthunzi, chifukwa guleyu ndi kukambirana kwa thupi ndi nthaka, ndipo munthu wolendewera m'malere sakuvina breaking. Pa chifukwa chomwecho, wojambula zithunzi atsitse kamera mpaka pafupi ndi pansi. Zithunzi za Martha Cooper, zimene zina zinatuluka m'nyuzipepala ya Village Voice mu 1981 pamene anthu akunja kwa madera a ovinawo anali asanamudziwe guleyu, n'zoyenera kuziphunzira, popeza zambiri zimasonyeza wovina pamodzi ndi pamene akuvinira ndi anthu omuzungulira.

Kuonetsa kuyenda pa pepala losayenda kuli ndi njira zakale zimene mungabwereke. M'zaka za m'ma 1880, Étienne-Jules Marey wa ku France ankaveka munthu zakuda zokhala ndi mizere yoyera m'manja ndi m'miyendo, n'kumujambula kambirimbiri pa chithunzi chimodzi, ndipo chotuluka chinali mizere yotsatizana yosonyeza njira ya thupi. Windmill yojambulidwa motero ingakupatseni chozungulira chimene palibe kompyuta ingakuganizireni. Keith Haring, amene ankajambula ndi choko pa mapepala akuda m'masiteshoni a sitima za pansi pa nthaka ku New York kumayambiriro kwa m'ma 1980, anajambula ovina ozungulira ndi mutu pogwiritsa ntchito mzere umodzi wonenepa ndi timizere tatifupi m'mbali mwa thupi. Ndipo pa logo yang'anani zizindikiro za masewera zimene Otl Aicher anakonzera Olimpiki ya ku Munich mu 1972, pamene thupi lonse linachepetsedwa kukhala kadontho ndi timizere toimirira, togona ndi topendekeka pa madigiri 45.

Koma ngati mukufuna kudziwa mmene eni chikhalidwechi ankakonzera mapepala awo, umboni wabwino koposa ndi timapepala toitanira anthu ku maphwando a ku Bronx ndi ku Harlem kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1980, ndipo ndikukhulupirira kuti tidzakudabwitsani. Mayina awiri amene amatchulidwa kwambiri ndi Phase 2 ndi Buddy Esquire. Phase 2 anali mmodzi mwa olemba mayina pa sitima, ndipo ndi amene ambiri amati anayambitsa zilembo zotupa ngati chibaluni cha m'ma 1972. Buddy Esquire, amene dzina lake lenileni linali Lemoin Thompson, nayenso anayambira pa zolemba za pa sitima ndi pa makoma, ndipo anakonza timapepala toposa 300. Anthu awiriwa ankadziwa bwino zilembo za chitini chopopera, koma pa timapepala tawo anagwiritsa ntchito kwambiri zilembo zosindikizidwa kale monga za Letraset, zimene munthu amakwecha kuchokera pa pepala la pulasitiki kuti zimatirire pa pepala lake, chilembo chimodzichimodzi. Zida zawo zinali rula, kampeni kakuthwa, guluu, cholembera ndi zithunzi zodula. M'mphepete ankaika mizere yowongoka, makona, nyenyezi ndi mipiringidzo yonga ya kumaso kwa nyumba zakale zoonetsera kanema za kamangidwe ka Art Deco, ndipo Buddy Esquire ankatcha kachitidwe kake neo-deco. Zambiri mwa ntchito zake zikusungidwa ku Cornell University, m'nkhokwe ya zinthu za hip hop.

N'chifukwa chiyani anthu odziwa zilembo zolukanalukana anasankha zilembo zaudongo? Chifukwa ankadziwa amene akulankhula naye. Zilembo za pa sitima zotchedwa wildstyle zinali za olemba anzawo, ndipo kuvuta kuwerengeka kunali mbali ya ulemu wake, pamene kapepala kankapita m'manja mwa aliyense ndipo kanayenera kunena msanga kuti phwando lili kuti, liti, ndipo adzaimba ndani. Komanso ankafuna kuti phwando la m'holo ya sukulu kapena ya m'dera lioneke lapamwamba, loyenera kulivalira bwino. Choncho amene amalemba tsiku ndi malo a mpikisano m'zilembo zosawerengeka, poganiza kuti akulemekeza chikhalidwechi, akuchita zimene eni ake anapewa. Ngati mukufunadi zilembo za pamanja, zisungireni dzina la mpikisano lokha, ndipo pemphani munthu wodziwa kulemba motero kuti akulembereni, mumulipire, m'malo motsitsa font yaulere pa intaneti, ndiye kuti mtundu wa zilembo za pa kompyuta. Font yotere imaulula yokha chinyengo chake, chifukwa chilembo chikabwera kawiri m'mawu amodzi chimatuluka chofanana ndendende, zimene dzanja la munthu silichita.

Pali chinanso m'timapepalati, ndicho kusowa kumene kunasanduka kalembedwe. Mzinda wa New York unatsala pang'ono kulephera kubweza ngongole zake mu 1975, ndipo Bronx anali m'gulu la madera amene anavutika kwambiri. Achinyamata akuda, kenako ndi anzawo ochokera m'mabanja a ku Puerto Rico, ankavinira pa simenti, pa makatoni otambasula kapena pa chidutswa cha linoleum. Okonza timapepala nawo ankasindikiza kawirikawiri ndi inki yakuda yokha, pa pepala loyera kapena lamtundu. Kompyuta yanu ili ndi mitundu miyandamiyanda, ndipo kuchuluka kumeneko ndi kumene kukukulowetsani m'chisokonezo. Dziikireni malire dala: inki imodzi, pepala la mtundu umodzi, mitundu iwiri ya zilembo. Ndingakulangizeninso kuti posita yoyamba muipange ndi lumo ndi guluu, kenako muijambule n'kuilowetsa m'kompyuta, chifukwa dzanja limapanga zisankho zimene mbewa ya kompyuta siilola.

Nkhani ya logo ikukhudza dzina, ndipo m'chikhalidwechi dzina ndi chuma. Wovina aliyense amakhala ndi dzina la m'bwalo, monga Richard Colón amene dziko limamudziwa kuti Crazy Legs, wa gulu la Rock Steady Crew limene linayamba ku Bronx mu 1977 ndipo linapikisana ndi gulu la Dynamic Rockers pabwalo la Lincoln Center ku New York mu August 1981. Magulu ankavala majuzi ndi malaya ofanana, okhala ndi dzina la gulu m'zilembo zomatidwa ndi simbi, kawirikawiri zamakona zonga za m'mabuku akale. Apa pali mayeso abwino a logo yanu. Kodi ingadulidwe ndi lumo pa nsalu? Kodi ingawerengeke pachifuwa cha munthu amene akuzungulira, kapena atazondoka? Kodi ikadali yooneka ikachepetsedwa kufika pa kukula kwa chikhadabo pa foni? Logo imene imadalira mithunzi ndi mitundu isanu idzalephera mayeso onse atatu. Dziwaninso kuti ovina ndi ojambula sanali anthu a mabwalo osiyana: mu 1982 Rock Steady Crew inapita ku Paris ndi ku London pa ulendo umodzi ndi ojambula Phase 2, Futura ndi Dondi, ndipo ena mwa olemba pa makoma, monga Cey Adams amene anatsogolera zojambula ku kampani ya nyimbo ya Def Jam, anadzakhala akatswiri a graphic design enieni.

Bwalo limene ovina amapanga pozungulira mnzawo limatchedwa cypher, ndipo ndi sukulu yodzudzulirana imene ntchito yathu ingasirire. Palibe amene amabisa ntchito yake mpaka itapsa. Munthu amalowa, amachita zake kwa masekondi ochepa, amamva pompo ngati anthu akuwa kapena angokhala duu, amatuluka, wina amalowa kudzamuyankha. Ife okonza zithunzi timakonda kubindikira ndi posita imodzi kwa milungu iwiri, n'kuitulutsa titaikonda kale mopitirira, mwakuti aliyense woidzudzula amasanduka mdani. Yesani kachitidwe ka cypher: itanani anzanu atatu kapena anayi, aliyense ajambule maganizo ake pa mutu umodzi kwa mphindi 10, muyale pansi, kenako aliyense atenge pepala la mnzake ndi kuliyankha ndi lina. Pa mpikisano wovina sadziwiratu nyimbo imene DJ aike, ndipo amene amangobwereza zimene analoweza kunyumba, osamvera ng'oma kapena kuyankha zimene mnzake wachita, amaonekera poyera. Nafenso sitisankha mawu, zithunzi kapena kukula kwa pepala zimene kasitomala amabweretsa, ndipo wokonza amene amaika maonekedwe amodzimodzi pa ntchito iliyonse ali ngati wovina wosamva nyimbo.

Lamulo lolimba kwambiri m'bwalo ndi loletsa kuba, kumene amakutcha biting, ndiye kuti kuluma. Wovina akaona kuti mnzake wachita kayendedwe ka munthu wina ngati kake, amatsegula ndi kutseka mikono yake ngati nsagwada pamaso pa onse. Komabe chikhalidwe chomwechi chinamangidwa pa kubwereka: ng'oma za m'zimbale za ena, masitepe a magule akale, zina za m'masewera olimbitsa thupi ndi za m'makanema a kung fu. Kusiyana kuli pakuti maziko ndi a aliyense, koma chimene munthu wapanga yekha n'chake, ndipo wochitenga ayenera kuchisintha mpaka chikhale china, komanso adziwe ndi kutchula kumene wachitenga. Sindikudziwa lamulo labwino kuposa limeneli kwa wokonza wa masiku ano, amene zithunzi za anzake zikumudikira pa Pinterest ndi pa Instagram usana ndi usiku. Kuphunzira kwa Buddy Esquire kuti m'mphepete mwa pepala mungathe kusenza ulemu wa phwando ndi kubwereka. Kukopera m'mphepete mwake mzere ndi mzere ndi kuluma.

Pamene breaking inalowa m'masewera a Olimpiki ku Paris pa 9 ndi 10 August 2024, pabwalo la Place de la Concorde, kumene Ami wa ku Japan ndi Phil Wizard wa ku Canada anapata mendulo za golide, oweruza 9 ankayang'ana zinthu zisanu zolemera mofanana: luso la thupi, kuchuluka kwa mayendedwe osiyanasiyana, ukhondo wa kachitidwe, kumvera nyimbo, ndi kukhala ndi zakezake. Ovina ena sanasangalale kuona gule wa m'bwalo akuyezedwa chonchi, ndipo ndikuwamvetsa, komabe zinthu zisanuzo mungathe kuyezera posita yanu osasinthapo kanthu. Chimene ndimachikonda kwambiri n'chakuti oweruzawo sankapereka mamalikisi kwa munthu payekha, ankayerekeza awiri amene ali m'bwalo. Posita nayonso siionedwa yokha. Idzapachikidwa pakati pa ena khumi, kapena idzadutsa pa foni pakati pa zithunzi zambirimbiri, choncho iyeseni ili pakati pa anzake.

Za ulemu ndinene mwachidule, ngakhale n'zofunika. Cha m'ma 1984 guleyu anali paliponse m'zotsatsa malonda ku United States, ndipo patapita zaka zochepa otsatsawo anamutaya n'kumati watha. Amene anamusunga ndi ovina okha, m'mabwalo awo ndi m'mipikisano monga Battle of the Year, umene unayamba ku Germany mu 1990. Mbiri imeneyi ndi imene imachititsa ovina kukayikira mlendo wobwera ndi kamera. Pitani kumene amaphunzirira, mukhale pansi muonere, chifukwa kandimverere anakanena za m'maluwa. Gwiritsani ntchito zithunzi za ovina a gululo, mutawapempha, ndipo mayina awo ndi a DJ ndi oweruza alembedwe molondola ndiponso mooneka, popeza kwa anthu a m'bwalo mayina amenewo ndi amene amanena ngati mpikisanowo ndi wofunika kupitako. Musaiwale a b-girl, amene maposita ambiri amawasiya kunja.

Mwina adzakupemphaninso kachidutswa ka vidiyo kotsatsira mpikisanowo, ndipo pamenepo kumvera nyimbo kumasanduka masamu osavuta. Nyimbo yogunda ka 120 pa mphindi imagunda kawiri pa sekondi, choncho pa vidiyo ya mafelemu (zithunzi zotsatizana) 30 pa sekondi kugunda kulikonse ndi mafelemu 15, ndipo pa ya mafelemu 24 ndi 12. Zilembo zifike pamalo pake pa felemu yeniyeni ya kugundako, ziime osagwedezeka kwa kugunda kumodzi kapena kuwiri kuti ziwerengeke, kenako zichoke mofulumira. Mapulogalamu ambiri amafewetsa kaimidwe ka chinthu kuti chifike pang'onopang'ono, koma freeze siifika motero, ndiye chepetsani kufewetsako kumapeto. Posita ya pepala ikatha, isindikizeni pa kukula kwake kwenikweni, muipachike pakhoma la kumene gululo limaphunzirira, muime patali mamita asanu pamodzi ndi ovinawo, ndipo muwafunse zinthu ziwiri: ngati munthu wa pachithunziyo angathe kukhaladi mmene alilimo osagwa, ndiponso ngati tsiku ndi malo aziona asanayandikire.